Belo la ku Limbe: kumene ndimapikula kaunjika, ndi zimene ndimaona ndikadula mawaya

Amayi anzanga a ku banki m'khonde akhala akundifunsa kuti zovala za ana zimene ndimayala pamsika Loweruka ndimapikula kuti, komanso ngati malowo ndi oti munthu n'kuikako mpamba wake. Ndiyankhe pano kuti ndi ena omwe amve. Pitani, malowo ndi abwinoko kuposa ambiri amene ndawayesa, koma mupite mukudziwa chimene mukukagula. Dzina la sitoloyo ndilisunga, chifukwa pali zodandaula zimene ndinene, ndipo zambiri mwa izo gwero lake si mwini sitolo.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera m'boma la Balaka. Malipiro a uphunzitsi paokha safika kumapeto kwa mwezi, choncho geni ya kaunjika ndi imene imalipira fizi ya ana anga ndi ya mwana wa malemu achemwali anga.

Sitoloyo ili ku Limbe, kuseri kwa misewu ya masitolo a nsalu: chinyumba chachitali cha malata, mabelo atasanjikizana mpaka kudenga. Mabelowo sawakhazika pasimenti, amawasanja pamatabwa, ndipo denga silidontha. Amene anatsegulapo belo lonyowa akumvetsa chifukwa chimene ndayambira pamenepa. Nkhungu imalowa mpaka pakati, zovala zoyera zimatuluka ndi mawanga akuda osachoka ngakhale muziviike usiku wonse, mpamba n'kupita choncho. Kumeneku sindinakumanepo nazo. Belo likalembedwa makilogalamu 45 amalikweza pasikelo inu muli pompo mukuona, ndipo lisiti amalemba osachita kupemphedwa. Lisitilo musalipeputse, limakuyankhirani panjira akakufunsani kuti katunduyu mwamutenga kuti. Mitengo amaitumiza pa WhatsApp, moti munthu wochokera kutali ngati ine sakwera minibasi asakudziwa kuti anyamule zingati. Ndalama amalandira za m'manja ndi za pafoni zomwe, ndipo zimenezi zimandipepuza, chifukwa kuyenda ndi mtolo wa ndalama m'chitenje pa depoti si nkhani yamasewera.

Anyamata onyamula katundu ndi aulemu. Amandiitana kuti aphunzitsi, belo amalifikitsa okha pa siteji ndi wilibala, ndipo kangachepe kamene ndimawapatsa sachita kukalamula. Chimene chikusowa ndi pokhala. Amayi ena amabwera ana ali kumbuyo, achoka ku Mulanje kapena ku Nsanje m'mbandakucha, n'kuima padzuwa kudikira kuti kontena itsitsidwe. Benchi palibe, madzi akumwa palibe, chimbudzi n'chakumsika cholipira. Anthu amene amasiya ndalama zochuluka chonchi pakhomo panu ayenera kupatsidwa mthunzi ndi pokhala, ndipo zimenezi mwini sitolo akhoza kuzikonza sabata imodzi atafuna.

Vuto lalikulu ndi limene aliyense wa geni iyi amalidziwa: belo mumagula lotseka, ndipo mukatuluka nalo pageti silibwezedwa. Mumangoona mitundu iwiri itatu ya nsalu imene yatsamira pa pulasitiki, basi. Kapepala kamati giredi yoyamba, zovala za ana, koma giredi yoyamba ya masiku ano si ija tinkaidziwa kale. Ndinawafunsapo bambo a pakauntala.

"Achimwene, nanga ndikakapeza kuti theka lake ndi sanza, ndidzatani?"

"Amayi, ifenso timagula lotseka. Kontena imachoka kunja itamatidwa, imafika ku Beira itamatidwa, ndalama tinalipira kalekale m'madola. Tikabweza kwa ndani?"

Ndinawakhulupirira, ndipo yankho lawolo silinachoke m'mutu mwanga. Amene amasankha zovalazi kutsidya kwa nyanja amazigwira chimodzichimodzi, akudziwa bwino zimene aika mkati. Zabwino kwenikweni zimatsala komweko m'masitolo awo a zachifundo, kapena zimapita kumene angalipire zambiri. Enafe tonse, kuyambira mwini kontena mpaka mayi woyala pathumba pamsika wa Phalula, timagula m'chimbulimbuli, ndipo kuluza kumatsetsereka mpaka kukathera pa amene ali ndi ndalama zochepetsetsa.

Belo ndimatsegulira pakhonde, pamphasa, ana atazungulira. Mukadula mawaya limafufuma n'kutulutsa fungo lija la mankhwala limene aliyense wovala kaunjika amalidziwa. Ndimagawa milu itatu. Pali za pahang'ala, zimene zimabweza mpamba, ndi za pansi, zoti anthu azisankha atawerama. Mulu wachitatu ndi umene umandiwawa: masokosi opanda anzake, mabuluku otha m'maondo, tizovala ta makanda tothimbirira ndi mkaka, ndi majekete okhuthala a chisanu cha ku Ulaya amene mwana wa ku Balaka sangavale ngakhale mu Juni. Majeketewo ndimasungira mnzanga wa ku Tsangano kozizira, zina zonse zimathera kukolopera. M'mabelo a sitolo iyi mulu wachitatuwu sukula ngati wa malo ena, n'chifukwa chake ndimabwererako. Komabe ukunka ukula chaka ndi chaka, ndipo nsalu zikunka zipepuka. Pali matisheti oti mukawaimika padzuwa mukuona dzanja lanu kuseri.

M'belo lomaliza ndinapeza kadiresi kachikasu ka mwana wa zaka ngati zinayi, kosavalidwapo, kapepala ka mtengo kali lendee pakhosi, mtengowo uli m'mapaundi. Winawake anakagula, mwina ngati mphatso, mwana n'kukula kasanavalidwe, iye n'kukaponya m'bokosi la zopereka. Kuno anakagula agogo ena, amene analipira theka Loweruka limodzi, theka Loweruka linalo, kuti mdzukulu wawo akavale pa Khirisimasi. Kadiresi ndi kamodzi komweko, koma kwina kanali kosowa ntchito m'kabati, kuno kanatenga masabata awiri a kugulitsa masamba.

Ndili ndi chizolowezi chowerenga timapepala ta pakhosi. Bangladesh, China, Vietnam, Cambodia, India, Turkey. Mwa apo ndi apo Lesotho, Mauritius kapena Madagascar, ndipo ndikaona amenewa ndimasangalala. Lolembedwa Malawi sindinalipezepo. Chonsecho ine ndinakulira m'munda wa thonje. Bambo anga analima thonje moyo wawo wonse: kupopera mankhwala pampu ili kumsana, kutola dzuwa lili paliwombo zala zitatemekatemeka, kusankha loyera padera lothimbirira padera, kenako kukakhala pamsika kudikira kuti wogula anene mtengo. Boma limalengeza mtengo woyambira, inde, koma mtengo weniweni wa thonje umagamulidwa kutali, ku misika ya ku New York ndi ku Liverpool. Thonje lathu likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lisanapotedwe. Kupota ulusi, kuwomba nsalu, kunyika utoto, kudula, kusoka, kunyamula pa sitima, inshuwalansi, kumata dzina la kampani, kugulitsa m'sitolo ya magalasi ku London: paliponse pamenepa pali malipiro a munthu, phindu la kampani ndi msonkho wa boma, ndipo zonsezo zimagwera kwina. Pa mtengo wa malaya m'sitolo, gawo la mlimi ndi kachidutswa chabe. Eni ake akatopa nawo malayawo, timawagula ifeyo, m'madola. Zili ngati mlimi amene wagulitsa chimanga chonse kwa mavenda pokolola, n'kumadzagula ufa wa m'timapepala mu Febuluwale. Kungoti dziko lathu lakhala likuchita zimenezi kwa zaka zoposa 100.

Ndikawafunsa ana a Fomu 3 chifukwa chimene mayiko ena ali olemera ena osauka, ambiri amayankha kuti azungu ndi anzeru, kapena kuti ndi olimbikira ntchito. Yankho limeneli limandipweteka, chifukwa bambo anga ndinawaona akugwira ntchito. Sindinaonepo munthu wolimbikira kuposa mlimi wa thonje. Ndiye ndimawauza anawo zimene zinachitika. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi, akuwomba nsalu zawozawo ndi kusula makasu. Luso linalipo. Ku India linalipo loposa pamenepo: nsalu za kumeneko zinali zokongola ndi zotchipa moti anthu a ku England ankazilimbirana, mpaka nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa malamulo mu 1700 ndi mu 1721 oletsa nsaluzo pofuna kuteteza owomba nsalu akwawo. Mafakitale a ku Manchester anakula ali otchingiridwa chotero, ndipo thonje lambiri limene ankapota nkhondo ya pachiweniweni ya ku America isanayambe mu 1861 linkalimidwa ndi akapolo osalipidwa. Atakula mafakitalewo, nsalu zawo zinasefukira ku India ndi ku Africa, owomba a kumeneko ndi a kuno n'kutaya zipangizo. Dziko lino litalowa pansi pa Britain mu 1891 kunabwera msonkho wa nyumba ndi thangata, ndipo bungwe la British Cotton Growing Association, limene linakhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linafika kudzalimbikitsa ulimi wa thonje loti likapotedwe kwawo. Njanji imene anamanga inali yotulutsira katundu kupita kunyanja. Ntchito anatigawira pamenepo: ife kulima, iwo kupanga.

Amene analemera pambuyo pake anadutsanso njira yomweyo ya nsalu. America inaika misonkho yokwera pa katundu wakunja kwa zaka zambiri za m'ma 1800. Kampani ya Toyota, imene minibasi zake timakwera popita ku Limbe, inabadwa kuchokera ku kampani yopanga makina owombera nsalu. South Korea, imene m'ma 1960 inali yosauka, inayamba ndi kusoka zovala, boma likuteteza mafakitale ake ndi kuwakongoza ndalama. Onsewa sanakhutire ndi kugulitsa zinthu zosakonza, ndipo panalibe amene anawamanga manja.

Nafenso tinayambapo. Amene anakula m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira zitenje ndi nsalu za yunifolomu za ku David Whitehead ku Blantyre, fakitale imene inalemba ntchito anthu masauzande ndipo inkapota thonje la alimi a konkuno. Mayi anga anali ndi chitenje cha kumeneko chimene chinatibereka tonse osang'ambika. Kenako zinthu zinathina. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mu 1981 dziko lathu linatenga ngongole yoyamba ya World Bank yokonzeranso chuma, zina n'kumatsatira pamodzi ndi za IMF, iliyonse ili ndi mfundo zake: tsegulani malire, tsitsani misonkho ya katundu wakunja, gulitsani makampani a boma, ilekeni kwacha iziyenda yokha. Mu 1994 kwacha inamasulidwa. Nsalu zotchipa za ku Asia ndi makontena a kaunjika zinalowa, fakitale ija inafooka mpaka inagulitsidwa mu 2003. Ku Zambia zinayenda chimodzimodzi: fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima mu 2007, misika itadzaza salaula, dzina la kaunjika kumeneko. Zimene anzathu anachita kuti akule, ife tinauzidwa kuti n'zolakwika.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Si zakale ayi. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zoti pofika 2019 asiye kulandira kaunjika kuti mafakitale awo adzuke. Bungwe la amalonda a zovala zakale ku America linakadandaula ku boma lawo, bomalo n'kuopseza kuti liwachotsa pa AGOA, mwayi wogulitsa katundu ku America popanda msonkho. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo. Rwanda, imene inali itakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, inakana kugonja, ndipo mu 2018 zovala zosokedwa ku Rwanda zinachotsedwa pa mwayiwo. Dziko laling'ono linalangidwa chifukwa chokana zovala zovalavala za dziko lalikulu. Nkhani ya thonje nayo ndi yomweyo. Boma la America limathandiza alimi ake a thonje ndi ndalama zankhaninkhani, zimene zimagwetsa mtengo padziko lonse. Mu 2003 Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anakadandaula ku bungwe la zamalonda la WTO. Brazil inasuma mlandu n'kupambana, ndipo mu 2014 America inavomera kuipatsa madola 300 miliyoni kuti nkhaniyo ithe. Brazil inali ndi maloya, inalinso ndi mphamvu zobwezera. Mlimi wa ku Balaka pa ndalama zimenezo sanaonepo ngakhale tambala, ngakhale kuti mtengo wogwa uja unamugwera iyenso.

Ndipo tisaganize kuti amene amasoka ndiwo akudya bwino. Mu Epulo 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwera anthu osoka zovala za makampani a ku Ulaya ndi ku America, n'kupha oposa 1,100, ambiri mwa iwo amayi. Ndikagwira tisheti yolembedwa Bangladesh ndimawakumbukira amayi amenewo, chifukwa iwo ndi bambo anga ali mbali imodzi. Ndalama zenizeni zili kwa mwini dzina la pachovala, mwini sitima ndi mwini banki.

Sindifuna kuti ana a sukulu azituluka m'kalasi mwanga akuganiza kuti zonse anatichita ndi ena. Ndalama zimene zinabedwa m'boma pa Cashgate mu 2013 sanabe ndi anthu a ku Manchester. Fakitale ya nsalu imafuna magetsi osazima, koma namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala likuzimiridwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka, chifukwa tinalibe pena podalira. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene timapeza pogulitsa katundu kunja, ndipo takhala tikumva kuyambira kale kuti tipeze china chodalira, koma zimathera pa misonkhano. Mauritius ndi kachilumba kamene kankadalira nzimbe, koma lero dzina lake ndimalipeza m'belo. Lesotho alibe nyanja ngati ife, koma amasoka majinzi a Levi's. Atsogoleri athu ali ndi mlandu wawo, ndipo ndi waukulu. Mlandu wawowo sufafaniza wa enawo. Ziwirizi zimadyetsana: dziko limene lawononga zochepa zimene linali nazo limapita kukakongola lili chogwada, ndipo wokongozayo ndiye amanena zoti zichitike.

Zonsezi zimadzathera pa bolodi ya mitengo ya m'sitolo ija. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola akhala akusowa m'mabanki moti ambiri oitanitsa katundu amawagula mseri pamtengo wokwera. Belo limene kale ndinkagula ndi gawo la malipiro anga, lero malipiro onse a mwezi salikwanitsa. Timasonkherana awiri n'kugawana. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe chifukwa cha mitengoyi, ndipo ndinkamva bwino lomwe chimene chinawadzutsa. Apa mpamene sitolo yangayi ili ndi khalidwe limene sindigwirizana nalo. Dola ikakwera, amakweza mtengo tsiku lomwelo, ngakhale wa mabelo amene akhala m'nyumbamo miyezi, koma ikakhazikika satsitsa. Kasitomala wakale ndi wobwera lero mtengo ndi umodzi, ngakhale mutenge mabelo angapo. Ndikumvetsa kuti nawonso ayenera kupeza madola a kontena yotsatira, komabe kuchotserako pang'ono amene akhala nawo zaka sikungawagwetse.

Ena amati boma lingoletsa kaunjika. Ine ndikukana, makamaka panopa. Mukagawa chuma cha dziko pa munthu mmodzi, cha Britain chimaposa cha Malawi maulendo oposa 70, ndipo m'dziko losauka chonchi kaunjika ndi amene wachotsa usiwa m'midzi. Ndikukumbukira anzathu a ku pulayimale amene ankajomba tsiku limene kabudula wawo mmodzi yekhayo wachapidwa. Kuletsa kaunjika fakitale palibe ndi kuvula anthu, ndi kulanda chakudya amayi masauzande amene amayala pamsika. Chimene ndikufuna n'chakuti yunifolomu za ana a sukulu, za apolisi, za asilikali, za anamwino, ndi nsalu zoyala m'zipatala zizisokedwa ndi nsalu ya thonje la konkuno, telala wa pakhonde naye apezepo ntchito. Umenewu ndi msika umene boma lili nawo kale m'manja, ndipo mlimi wa thonje angadziwe kumene mbewu yake ikupita.

Kwa amene mupite ku sitoloyo, funsani mtengo usiku, mufike m'mawa kontena isanathe. Tengani belo la zovala za ana kapena la mabulauzi, amenewo amayenda. La akuluakulu losakaniza lisiyeni kaye mpaka mutadziwa makasitomala anu. Yang'anani mawaya ndi pulasitiki kuti mutsimikize kuti belolo silinatsegulidwepo n'kumangidwanso. Kumeneku sindinaonepo zoterozo, koma ndalama ndi zanu, yang'ananibe. Belo loyamba musagule ndi ndalama ya katapila, chifukwa likakulakwirani mulira kawiri. Nyamulani madzi akumwa ndi ambulera. Ndipo ngati mumagulitsira kotentha ngati kwathu kuno, funsani za majekete belo lisanakwere pawilibala. Anyamata aja amadziwa kontena imene yabwera ndi zovala za chisanu zambiri, ndipo mukawafunsa mwaulemu amakuuzani.